Kwa a Dean Cox ndi anzanu osankha timu ya Sydney Swans: mpando wachisanu uja musakhazikepo wodwala

Bambo Cox,

Landirani moni, inu pamodzi ndi onse amene mumakhala nawo pansi sabata ndi sabata kusankha anyamata okavala zofiira ndi zoyera. Ine ndine mmodzi mwa ochemerera timu yanu, Mmalawi wokhala kumadzulo kwa mzinda wa Sydney. Mpira uwu wa ku Australia, wa ligi ya AFL, sindinabadwe nawo. Ndinakula ndi wozungulira uja, wa Bullets ndi Wanderers, moti tsiku loyamba kuona anthu 36 akulimbirana mpira wonga dzira pa bwalo la SCG ndinafunsa amene ananditenga ngati ndewu imeneyi ili ndi malamulo. Lero ndine amene ndimadzutsa abale anga ku Lilongwe 6 koloko m'mawa kuti fainolo ikuyamba, iwo n'kumandiyankha kuti ndinapenga. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kanga n'kobuntha, koma mundilole ndimeteko pang'ono. Nkhani yanga ndi ya kusankha osewera ovulala, makamaka pa mpando wachisanu wa pabenchi.

Lachinayi madzulo ndi pamene ife ochemerera timasanduka makochi. Kuntchito kwathu, m'kachipinda kopumira, mafoni amatuluka m'matumba mndandanda wa timu ukatsala pang'ono kulengezedwa. Pali mayi ena achikulire amene ndimagwira nawo ntchito. Bambo awo ankachemerera timuyi ikadali South Melbourne, isanasamukire kuno mu 1982, ndipo sikafu imene amavala ndi ya malemuwo, yofiira mosuluka ngati dothi la katondo. Mayiwa sawerenga mayina onse. Amatsetsereka ndi chala mpaka pansi pamene palembedwa olowa ndi otuluka, amakwezera magalasi pamphumi, foni n'kuifikitsa pamphuno penipeni. Akapeza kuti munthu amene anatuluka m'bwalo akutsimphina sabata yatha adakali m'timu, sanena kanthu. Amangoivundikira foniyo patebulo, n'kuyamba kutakasa tiyi amene anamutakasa kale.

Zikatero mkangano wayamba. Wina amati katswiri wa mwendo umodzi amaposa mwana wa miyendo iwiri. Wina amati pali mnyamata ku timu yachiwiri, ya mu ligi yaing'ono ya VFL, amene wakhala pa fomu masabata atatu otsatizana, ndiye achite chiyaninso kuti aonedwe, aimbe nyimbo? Wachitatu nkhawa yake ndi timu yake yongopeka ya pa intaneti ya SuperCoach basi, ndipo ameneyo sitimuwerengera. Mkangano umenewu ndaumva m'sitima, ndaumva pamzere wogula mowa pa Moore Park, ndaumva m'maola a usiku odwala atagona. Nthawi zonse umathera pa dzina limodzi, ndipo inu mukulidziwa chifukwa munali m'chipinda cha makochi tsiku la fainolo ya 2022, muli wothandizira a John Longmire, kochi wamkulu wa nthawiyo.

Sam Reid.

Ndiyambe ndi kumuchotsera mlandu. Reid anali m'timu imene inatenga chikho mu 2012, thupi linamuzunza zaka zambiri, ndipo mu 2022 anali atabwerera mwakale, akugwira mipira yam'mwamba kutsogolo komanso kupumitsa Tom Hickey pa ruck, ntchito yodumphira mpira woimbira akauponya m'mwamba. Pamasewero olowera mu fainolo, pamene tinapulumuka m'kamwa mwa Collingwood ndi pointi imodzi, 95 kwa 94, anavulala mnofu wa m'mphechepeche ndipo sanamalize. Sabata yonse Sydney inalibe nkhani ina. Asewera kapena sasewera? Makamera ankamulondola pokonzekera, tikumuona akuthamanga molunjika, tonse n'kumati wachira. Mpira wa fainolo suthamangidwa molunjika. Lachinayi dzina lake linalipo, ndipo amene anatsala ndi Logan McDonald, mnyamata amene timu inamutenga pa nambala 4 mu 2020, wathanzi lake bwinobwino. Hayden McLean ndi amene analowa.

Fainolo imeneyo ndinaionera kuseri kwa nyumba ya mnzanga, wailesi ya kanema itatulutsidwa pakhonde, nyama ili pamoto. Ndikukumbukira mpira wina utaponyedwa kutsogolo kwathu m'kotala yoyamba. Reid anayamba kuutsatira, anafika pofunika kukhota, thupi linakana. Sanagwe, sanagwire pamene pakupweteka. Anangochedwa ndi phazi limodzi, ndipo wotchinga wa Geelong anadutsa ngati akudutsa mtengo. Mwini nyumba, amene sabata yonse ankalumbira kuti Reid asewere zivute zitani, anatembenuka n'kuyamba kutembenuza masoseji amene anali atapsa kale. Titangobwera kopuma Reid anatulutsidwa, Braeden Campbell n'kulowa. Zinathera 133 kwa 52, Geelong itapambana. Masewero atatha a Longmire anavomera poyera kuti kumusankha kunali kulakwitsa, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha kuvomerako, pakuti makochi ambiri akanangoloza kwina.

Sindikunena kuti McDonald akanafafaniza mapointi 81. Geelong ya chaka chimenecho inafika pa bwalo la fainolo la MCG itapambana masewero 15 otsatizana, ndipo ngakhale tikanaloledwa kusewera anthu 20 ikanatikwapulabe. Koma taonani zimene Geelong yomweyo inachita sabata yomweyo. Max Holmes anavulala mnofu wakumbuyo kwa ntchafu pamasewero olowera mu fainolo. Anayesetsa, anthu ankati wachira, dzina lake linatuluka Lachinayi. M'mawa wa tsikulo anamuchotsa, Mark O'Connor n'kutenga malo. Mnyamatayo anaonera anzake akuvala mamendulo iye ali m'suti. Zinamuwawa, ndipo mwina zikumuwawabe. Matimu awiri anapatsidwa funso limodzi sabata imodzi, ndipo amene anayankha ndi mtima wouma ndi amene ananyamula chikho.

Mu 2024 tinabwereranso mu fainolo, titatsogola pa ligi, titayamba chaka mopambana masewero 13 mwa 14. Apa ndikuyamikeni kaye. Kaputeni Callum Mills atavulala mnofu wa ntchafu pokonzekera, munamuuza pakati pa sabata kuti sasewera. Kuuza kaputeni mawu amenewo fainolo ili pakhomo si nkhani yamasewera, ndipo m'kachipinda kathu kaja mayi aja anagwedeza mutu n'kunena kuti ulendo uno aphunzira. Koma McDonald yemwe uja, amene munamusiya ali bwino mu 2022, ulendo uno munamutenga akakolo atapindika pamasewero ndi Port Adelaide sabata yapitayo. Sanamalize. Pambuyo pake tinamvanso kuti Isaac Heeney wakhala akusewera fupa la mwendo lili ndi mng'alu. Brisbane inatimenya 120 kwa 60. Taylor Adams, amene anaphonya fainolo ya Collingwood mu 2023 chifukwa chovulala n'kubwera kuno kudzafuna mwayi wina, anaonera ali pambali, miyendo yake yonse iwiri ili bwino.

Za Heeney sindikutsutsani. Munthu amene anatinyamula pamsana polimbana ndi timu ya GWS pa SCG milungu itatu m'mbuyo mwake, palibe kochi padziko lino akanamusiya, ndipo ine ndikanakhala woyamba kukugendani. Koma timu imatha kunyamula wodwala mmodzi n'kumubisa pakati pa athanzi. Akakhala awiri kapena atatu, amene akunyamulawo nawonso amatopa isanathe kotala yachiwiri, ndipo ndi m'kotala yachiwiri momwemo mmene Brisbane inatithawira. Kumbali kwawo, Oscar McInerney wa pa ruck anaguluka phewa polimbana ndi Geelong. Sanamumange mabandeji n'kumukankhira m'bwalo. Anaitana Darcy Fort, munthu amene chaka chonse anali atasewera masewero owerengeka ndi zala m'timu yaikulu. Fort sanachite zodabwitsa. Analimbana ndi Brodie Grundy wathu kuyambira kuyamba mpaka kutha, ndipo ntchito imene anamutumira inali yomweyo.

Tsono pano ndidzitsutse ndekha, chifukwa ndikapanda kutero mnzanga wa masoseji uja anditsutsa. Mu 2025 Lachie Neale wa Brisbane anang'ambika katumba wa mwendo pamasewero oyamba a ndime yomaliza, ndipo zinalengezedwa kuti chaka chake chatha. Patapita milungu itatu kochi wake, a Chris Fagan, anamuika m'timu ya fainolo ngati wodikirira kulowa m'malo mwa wina. Anthu ambiri, ine ndemwe, tinati nayo nkhani ya Reid yabwerera. Pofika popuma matimu anali ofanana mapointi. Neale analowa, anayamba kutola mipira pakati ngati akutola mango, anamwetsa chigoli chakutali kumapeto kwa kotala yachitatu, ndipo Brisbane inagonjetsa Geelong 122 kwa 75. Juga inalipira. Ndikuvomera.

Koma taonani mmene anaiseweretsera. Sanamupemphe makotala anayi. Anamupempha awiri, atakhala pansi ola lathunthu pamene anzake 22 athanzi ankagwira ntchito. Malamulo a nthawiyo ndi amene anamupatsa kabowo kameneko. Wolowa m'malo uja anabwera mu 2021 ngati wothandiza pakavulala munthu, mu 2023 anamumasula kuti kochi amulowetse pamene wafunira, ndipo tsopano AFL yamuchotsa. Kuyambira 2026 pabenchi pakhala anthu asanu, onse ololedwa kulowa ndi kutuluka kuyambira mphindi yoyamba.

Mpando wachisanu umenewu ndi umene wandilembetsa kalatayi. Ndikuuona ngati msampha. Lachinayi lina likubwera pamene adokotala adzakuuzani kuti uje ali pafupi kuchira koma sanafike, ndipo wina patebulo lanu adzati timuike pa mpando wachisanu, tizimulowetsa pang'onopang'ono, paja Neale zinatheka. Pamenepo mudzakumbukire kuti timu inayo ikubwera ndi anthu asanu amphumphu pabenchi, osinthana kuyambira kuyamba. Inu mudzakhala ndi anayi ndi theka. Wina akadzagunda mutu m'kotala yoyamba mudzatsala ndi atatu ndi theka, ndipo theka uja mudzamukakamiza kuthamanga mtunda umene simunapangane. Neale ali ndi mamendulo awiri a Brownlow, a wosewera bwino koposa pa chaka, ndipo zimene anachita zinadabwitsa dziko chifukwa sizichitikachitika. Amene adzakhale pa mndandanda wanu akutsimphina mwezi wa May, tikupita kukasewera usiku wozizira ku Adelaide kapena ku Perth, sadzakhala Neale wa tsiku lija.

Ndipo muli ndi mayina olemera amene adzakuyesani. Mwatenga Charlie Curnow kuchokera ku Carlton, mwini mamendulo a Coleman, a womwetsa zigoli zambiri, a 2022 ndi 2023, ndipo mtengo wake tonse tikuudziwa: Will Hayward wapita, pamodzi ndi mwayi wosankha achinyamata m'zaka zikubwerazi. Kuyambira pamene Lance Franklin anapuma mu 2023 takhala tikulira munthu wamtali woopsa kutsogolo, ndiye tsiku limene Curnow adzamve kuwawa, mzinda wonse udzakukakamizani kuti asewere. Mudzakumbukire kuti bondo linamudyera pafupifupi zaka ziwiri ali ku Carlton. Munthu amene mwamugula ndi ng'ombe zonse za m'khola simumuyesera pa mlatho wothyoka chifukwa choti anthu agula matikiti. Chimodzimodzi Errol Gulden, Tom Papley ndi Mills. Chaka cha 2025, choyamba chanu pampando, chinatisonyeza mmene timu imaonekera iwo kulibe, ndipo tinathera pa nambala 10. Mantha obwerera kumeneko ndi amene adzakunong'onezeni kuti muwathamangitse kuchira.

Ife ochemerera sitidzakuthandizani, ndikuuziranitu. Ndife anthu a mitima iwiri. Lachinayi timalira dzina, Loweruka madzulo timatukwana amene analisankha. Mwana amene wavala jezi ya nambala 5 safuna kumva za mng'alu wa fupa, akufuna Heeney. Akuluakulufe sitisiyana naye kwenikweni, timangodziwa kubisa dyera lathu m'mawu a ukatswiri. Osewera nawonso musawadalire pa nkhaniyi. Mukafunsa mnyamata amene walota fainolo kuyambira ali ndi zaka 6 ngati ali bwino, yankho mukulidziwa kale. Nathan Murphy wa Collingwood, amene anagunda mutu m'kotala yoyamba ya fainolo ya 2023 n'kunena yekha kuti sakuona bwino ndipo sabwereramo, ndi wosowa. Chaka chotsatira anasiyiratu mpira potsatira malangizo a madokotala, ali ndi zaka 24.

Nkhani ya mutuyo ikutiphunzitsa kanthu kena. Kuyambira 2021, wovulala m'mutu amakhala kunja masiku osachepera 12, afune asafune, kaya ndi fainolo kaya ndi chiyani. Mwaona kuti pa ameneyo m'kachipinda kathu simukhala mkangano? Palibe amene amati mwina ayesere. Lamulo linachotsa funsolo m'manja mwa kochi, mwa wosewera ndi mwa ife. Sindikupempha AFL kuti iike masiku pa mnofu uliwonse, matupi amachira mosiyana. Ndikupempha inu kuti mukhale ndi muyeso wanuwanu, woikidwa mwezi wa February mitima ili m'malo, wakuti amene sanamalize kukonzekera kwamphamvu kwa pakati pa sabata, akukhota, akudumpha, akugundana ndi anzake, sasewera. Muulembe, muuuze anyamata onse chaka chisanayambe, kuti pofika September musadzaupange muli ndi misozi ya munthu patsogolo panu. Nkhanga zinapangana kusanache.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi anyamata a mu VFL. Mukatenga wodwala chifukwa cha dzina, pali wina amene mwamuuza kuti zimene wachita mwezi wonse pa mabwalo opanda anthu, mphepo ikuwomba, makolo ake okha akuwomba m'manja, zilibe ntchito. Uthenga umenewo sumveka kwa iye yekha. Umamveka kwa onse a zaka 19 ndi 20 amene akuyang'ana ngati khomo limatseguka ndi fomu kapena ndi mbiri. Richmond mu 2019 inataya Jack Graham, amene anaguluka phewa pamasewero olowera mu fainolo. Kochi wawo, a Damien Hardwick, anayang'ana amene ali pa moto sabata imeneyo, n'kupeza Marlion Pickett, bambo wa zaka 27 amene anamutenga pakati pa chaka, amene anali asanasewerepo ngakhale kamodzi mu AFL koma anali atangosankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu fainolo ya VFL. Anamuyambitsira pa fainolo penipeni, chinthu chimene chinali chisanachitike kuyambira 1952. Pickett anazungulira ndi mpira pakati pa bwalo anthu 100,000 akuonera, anamwetsa chigoli, Richmond n'kupambana 114 kwa 25. Akanagonja, a Hardwick akanadyedwa amoyo. Anasankhabe munthu amene miyendo yake inali kuyankha.

Pomaliza pali kachinthu kakang'ono, ka mawu. Mndandanda ukatuluka, pambali pa dzina la wotuluka mumalemba omitted (wasiyidwa), kapena managed (wapumitsidwa), kapena dzina la chiwalo chimene chavulala. Pa mndandanda wa ovulala timapeza test (akayesedwa kaye), ndiponso zilembo zitatu zija, TBC (sizinadziwike), zimene zimatha kukhala pa dzina la munthu mwezi wathunthu. Ndikudziwa kuti simufuna kuuza adani pamene pali bala. Ndikudziwanso kuti matimu onse 18 amachita zomwezo, kuphatikizapo kulengeza munthu Lachinayi akudziwa kuti adzamuchotsa kutatsala ola limodzi. Koma kochi wa timu inayo ali ndi anthu olipidwa kuti aonere makanema a kukonzekera kwanu, ndipo sapusitsika. Amene amapusitsika ndi bambo amene wakwera sitima maola oposa awiri kuchokera ku Newcastle ndi ana ake kudzaona munthu amene inu munadziwa Lachitatu kuti sasewera. Ngati mwamusiya chifukwa fomu yatsika, lembani choncho, si manyazi, ndipo iye mwini akudziwa kale. Ngati wavulala, tiuzeni milungu. Tikamva zoona Lachinayi timakangana za mpira. Tikamva zobisika timayamba kupeka, ndipo zopeka za ochemerera pa intaneti zimagwera pa mnyamata yemweyo amene mumati mukumuteteza.

Mayi a sikafu aja anandiuza kuti ndikukumbutseni chinthu chimodzi, ndipo ndinalonjeza. Akuti mu 2005, masekondi omaliza a fainolo, Sydney ikutsogola ndi mapointi 4, mpira umene Leo Barry anaudumphira pakati pa gulu n'kuthetsa chilala cha zaka 72 unachokera kuphazi lanu, muli wa West Coast. Chaka chotsatira munabwezera ndi pointi imodzi, 85 kwa 84, ndipo akuti zimenezo anakukhululukirani pamene munavala zofiira. Mfundo yawo ndi yakuti inu kuposa wina aliyense mukudziwa kuti chikho chimatha kupita ndi kudumpha kumodzi, m'mphindi yomaliza, kwa munthu amene wathamanga kale maola awiri. Akufunsa kuti Barry akanakhala ndi mnofu womangidwa ndi jakisoni, akanafika pa mpira umene uja?

Lachinayi likubwerali ndili pa ntchito ya madzulo. Mndandanda ukadzatuluka ndidzakhala m'kachipinda kaja, moyang'anizana ndi mayiwo, ndipo sindidzatsegula foni yanga. Ndidzangoyang'ana ngati yawo aivundikira.

Ine wanu wochemerera,
wa kumadzulo kwa Sydney